Musanalipire, iuzeni laputopu idziyeze yokha

Kuchokera pa boma la Chongwe kukafika pakati pa mzinda wa Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45, kutsata msewu wa Great East. Kwa munthu wongokaona abale, ulendowo ndi waufupi. Umatalika kwa mphunzitsi wa sukulu ya kumidzi ya kwa Nkomeshya amene wagula laputopu m'tauni, n'kuipeza ikuzima yokha atafika nayo kunyumba. Kuti aibweze, afunika ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, tsiku lathunthu losalowa m'kalasi, ndiponso mtima wopirira akamauzidwa kuti inachoka m'sitolo ili bwinobwino, waiwononga yekha.

Ofuna laputopu m'boma lino si ochepa. Pa Chalimbana, pamene aphunzitsi akhala akusulidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, lero pali yunivesite, ndipo masukulu akatsekera pamadzaza aphunzitsi ochita maphunziro a kutali, ochokera m'zigawo zonse za Zambia. Ku Palabana kuli ophunzira za ulimi ndi ziweto, ku Silverest kuli nthambi ya University of Lusaka. Onjezanipo alangizi a zaulimi, alembi a makopaletivu, ndi anyamata a tinyumba totaipira ndi kusindikiza makalata pamsika. Laputopu yatsopano ya m'katoni mtengo wake ndi wosayandikika kwa ambiri mwa anthu amenewa, choncho amathamangira zija amazitcha ex-UK: ma Dell Latitude, ma HP EliteBook ndi ProBook, ma Lenovo ThinkPad amene anagwira ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja asanafike m'timasitolo ta ku Town Centre ndi m'misewu yozungulira Cairo Road.

Makina amenewa ine sindiwanyoza. Anapangidwira makampani, ndi olimba, ndipo ambiri a iwo amakonzeka mosavuta kuposa zotchipa zatsopano za pulasitiki wopyapyala. Chimene chimatilakwitsa ndi kagulidwe kathu. Wogulitsa amaitulutsa pashelefu, amaipukuta ndi kansalu, amailumikiza ku magetsi n'kuiyatsa. Windows imatseguka, chithunzi chokongola chimaonekera, iye amaika nyimbo kuti mumve masipika. Amakulozerani kachizindikiro ka i5 kamene kamatidwa pafupi ndi kiyibodi. "Amayi, iyi yangofika kumene, batire ndi maola anayi." Mumakambirana mtengo, amakuwonjezerani chikwama chaulere, basi mwagula. M'mphindi zonsezo chingwe cha chaja sichinachoke kukhoma, ndipo palibe chiwalo ndi chimodzi chomwe cha m'kati chimene chayesedwa.

Mayi wogula mtsuko sakhutira ndi kusalala kwake. Amaugogoda ndi chala n'kutchera khutu, chifukwa mng'alu wosaoneka ndi maso umamveka m'kaliridwe. Laputopu nayo ili ndi pogogoda pake, ndipo opanga anaika dala kuti aliyense afikepo popanda kumasula sikulu.

Pa motherboard, bolodi lalikulu limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, pali kachipangizo kosunga pulogalamu yotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makina a zaka zaposachedwa. Mukadina batani loyatsira, pulogalamu imeneyi ndiyo imayamba kudzuka, Windows isanayambe n'komwe. Imayang'ana mwachangu ngati purosesa, RAM ndi zina zofunika zilipo, kenako n'kupereka ntchito kwa Windows. Makampani ena akuluakulu anawonjezeramo mayeso athunthu a ziwalo. Ubwino wake ndi wakuti mayesowa safuna intaneti, safuna bandulo, safuna fulashi kapena pulogalamu yogula. Amagwira ntchito ngakhale Windows itawonongeka kotheratu. Ndiye amayankha funso limene limadyera anthu ndalama zambiri: kodi chadwala ndi chitsulo, kapena ndi mapulogalamu chabe?

Tiyambe ndi Dell, poti ndi amene achuluka m'manja mwa ophunzira. Zimitsani laputopu kotheratu, osati kungotseka chivundikiro. Iyatseni, ndipo dzina la Dell likangoonekera dinani F12 mobwerezabwereza. Pabwera mndandanda wa zosankha. Tsikani ndi batani la muvi mpaka pa mawu akuti Diagnostics, dinani Enter. Makina alira kamodzi, sikirini idzaza ndi mizere ya mitundumitundu, ndipo mufunsidwa ngati mwaiona mizereyo. Apa yang'anitsitsani. Kadontho kakuda kosasintha mtundu, kapena mzere wopyapyala wodutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi, zimaonekera bwino pa nthawi imeneyi kuposa pa chithunzi chokongola chija. Mukayankha, mayeso apitirira okha. Mumva fani ikuthamanga kwambiri n'kubwereranso pansi, ndipo musadabwe, ikuyesedwa dala. Chiwalo chilichonse chikapambana chimalandira kachizindikiro kobiriwira. Pakapita mphindi zochepa, makina afunsa ngati mukufuna ayese RAM mozama, ntchito imene imatha theka la ola kapena kuposa.

Chiwalo chikalephera, pamatuluka nambala. 2000-0142 ikutanthauza kuti hard drive yalephera mayeso ake. 2000-0141 ikutanthauza kuti makina sakuiona n'komwe hard drive, ndipo nthawi zina chimakhala chingwe chake chabe chakhwepa. 2000-0123 ndi vuto la RAM, pamene 2000-0511 ndi fani yosamvera. Jambulani sikirini yonseyo ndi foni, pamodzi ndi Service Tag, nambala imene imasiyanitsa Dell wanu ndi ena onse. Palinso njira ina yothandiza sikirini ikakhala yakuda: laputopu ili chizimire, gwirani batani la D n'kudina loyatsira. Ngati sikirini ionetsa mitundu motsatizana, yofiira, yobiriwira, yabuluu, ndiye kuti galasilo lili moyo ndipo vuto lili kwina. Munthu amene wauzidwa kuti agule sikirini yatsopano ayenera kuyamba wachita zimenezi.

Pa HP, batani lake ndi Esc. Lidineni kangapo mukangoyatsa mpaka pabwere mndandanda, kenako F2. Pansi pa System Tests pali Fast Test, ya mphindi ngati 4, ndi Extensive Test, yomwe imatha maola awiri kapena kuposa. Pansi pa Component Tests mungasankhe chiwalo chimodzichimodzi: batire, kiyibodi, hard drive, masipika. Chikalephera chiwalo, HP imapereka Failure ID ya zilembo ndi manambala 24. Pa ma ThinkPad ambiri batani lake ndi F10. Pa MacBook ya purosesa ya Intel, gwirani D poyatsa. Pa zatsopano za purosesa ya Apple, gwirani batani loyatsira mpaka zosankha zionekere, kenako Command ndi D. Nambala ya ADP000 ikutanthauza kuti palibe vuto lapezeka. Ma Acer, Asus ndi Toshiba ambiri alibe mayeso otere, koma Windows ili ndi njira zake ziwiri zimene aliyense angagwiritse ntchito: kulemba mdsched pamalo osakira kumayesa RAM, ndipo inayo ndi ya batire.

Pa batire ndikhalitsapo, chifukwa kwa ife ndi pamene pagona nkhani. Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, ndipo madzi a Kariba atatsika, ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku m'mwezi wa March. Pofika September, makomo ambiri ankakhala mumdima mpaka maola 21. Wophunzira amene batire yake inali yakufa ankadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, kutaipa mothamanga, ndipo akangozimanso, ndime imene sanaisunge inkapita nawo. Laputopu yopanda batire yabwino m'nyengo yotere ndi katundu wongolemetsa chikwama. Mvula inabweranso, koma aliyense wokhala kuno akudziwa kuti magetsi sitingawalumbirire.

Batire za lithium zimakalamba. Kuzitchaja ndi kuzikhuthula maulendo mazanamazana kumachepetsa mphamvu imene zingasunge, ndipo kutentha kumafulumizitsa ukalambawo. Kachizindikiro kapakona ka sikirini kakhoza kulemba 100% pomwe batireyo ikusunga kachigawo kochepa chabe ka mphamvu imene inkasunga ili yatsopano, chifukwa 100% imeneyo ikungonena kuti yadzaza mpaka pamene ingathe lero. Kuti mudziwe zoona, tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport n'kudina Enter. Makina akuuzani pamene asunga lipoti. Mulipotimo fufuzani mizere iwiri: Design Capacity, mphamvu imene batire inapangidwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene yatsala. Tiyerekeze kuti woyamba ukuti 42,000 mWh, wachiwiri 15,000 mWh. Batire imeneyo yatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo maola anayi amene munalonjezedwa sangakwane. Zikatero simufunika kukangana ndi munthu. Muonetseni manambalawo, mumupemphe achotsepo mtengo wa batire yatsopano kapena akusinthireni.

Mayeso a Dell ndi HP amanenanso za thanzi la batire m'mawu osavuta, kuti ili bwino, yafooka, kapena isinthidwe. Koma maso anunso agwire ntchito. Ikani laputopu patebulo losalala. Ngati ikugwedera, kapena kabwalo koyendetsera kamuvi kakutukumuka n'kumalimba podina, batire yatupa m'kati. Batire yotupa ikhoza kuyaka moto. Musaiboole, musaitchaje, ndipo musaitaye kudzala kumene ana amasewera kapena kumene zinyalala zimatenthedwa.

Chaja nayo imanamiziridwa, ndipo nayo imanamiza. Magetsi akabwerera mwamphamvu, kapena mukamatchajira pa jenereta ya pagolosale, chaja ndiyo imayamba kulandira nkhonya. Ikafa, ambiri amagula yotchipa iliyonse imene mutu wake walowa. Ma Dell ambiri ali ndi kawaya kakang'ono pakati pa mutu wa chaja, kamene kamauza makina kuti chajayo ndi ya mphamvu zingati. Kawayako kakathyoka, kapena chaja ikakhala yachinyengo, laputopu imayaka ndithu koma imakana kutchaja batire ndipo imayenda mwaulesi. Mwini wake amagula batire ina, kapena RAM yowonjezera, vuto osatha. Chonsecho mu BIOS, imene pa Dell imatsegulidwa ndi F2, muli mzere wonena za chaja. Ngati pamzerepo palembedwa 65W kapena 90W, chaja yazindikirika. Ngati palembedwa Unknown, mwapeza wolakwa.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. Amene anayendapo misewu yadothi yolowera ku Kanakantapa kapena ku Kasisi mu September ndi October akudziwa mmene fumbi limalowera paliponse, m'tsitsi, m'chikwama, m'kabati yotseka. Pa nthawi imene Asoli amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, dzuwa limakhala lili pachimake. Fani ya laputopu imakoka mpweya pansi n'kuupititsa pa timapepala ta chitsulo topyapyala tochotsa kutentha kwa purosesa. Fumbi ndi ubweya wa bulangete zimaunjikana pamenepo mpaka kupanga kachigamba kotseka njira. Purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo ikapitirira imazimitsa makina kuti isapse. Wogwiritsa ntchito amangoona kuti laputopu ikuchedwa ndiponso ikuzima masana, n'kuganiza kuti yalowa vairasi. HP imachenjeza ndi nambala 90B poyaka, ThinkPad imalemba Fan error, ndipo mayeso a Dell amaonetsa liwiro la fani ndi kutentha kwa ziwalo. Mankhwala ake kawirikawiri ndi kutsegula, kupukuta ndi kabulashi, ndi kupaka phala latsopano lotengera kutentha pamwamba pa purosesa. Ophunzira a m'mahositelo amene mumataipira pabedi, ikani buku lachikuto cholimba kapena kathabwa pansi pa laputopu.

Tsopano chimene chimandiwawa kwambiri. Laputopu ikayamba kuvuta, yankho loyamba limene ambiri amalandira ndi lakuti ifomatidwe, aikemo Windows yatsopano. Ndi ntchito yosavuta, yachangu, ndipo imalipiridwa tsiku lomwelo. Nthawi zina imathandizadi. Koma ngati chimene chikufa ndi hard drive, kufomata kumafufuta zonse zimene zikanapulumutsidwa, ndipo pakangopita masabata ochepa vuto limabwerera. Chimene chatayika pamenepo si mafayilo wamba: ndi kafukufuku wa chaka chomaliza, malikisi a ana a kalasi yonse, kaundula wa mamembala a kopaletivu amene akuyembekezera feteleza. Sindikunena kuti okonza makompyuta ndi akuba. Ambiri ndi achinyamata odziphunzitsa okha, ogwira ntchito molimbika ndi zida zochepa, ndipo aluso pakati pawo amayamba okha ndi mayeso amenewa. Koma mwini laputopu akafika ali ndi chithunzi cha nambala 2000-0142 pafoni, kapena uthenga wa HP wa 3F0 wonena kuti poyambira Windows sipakupezeka, kukambirana kumasintha. Amanena kuti, "Achimwene, yambani mwandikoperako mafayilo anga, kenako tione za disiki." Ndondomeko yake ndi imeneyo, ndipo isatembenuzidwe.

Ma hard drive ndi ma SSD ali ndi kaundula wawo wa m'kati wotchedwa SMART, amene amalemba maola amene disiki yagwira ntchito ndi malo amene awonongeka. Mayeso a HP amawerenga kaundulayu, n'kuchitanso mayeso afupi otchedwa Short DST. Komabe kupambana mayeso si lonjezo la moyo wautali. Mu 2007 akatswiri a kampani ya Google anafalitsa zimene anapeza atatsatira ma hard drive oposa 100,000 a m'makompyuta awo. Disiki imene SMART yayamba kuidandaula inali pangozi yaikulu yakufa posachedwa, zimenezo zinatsimikizika. Koma 36 mwa ma disiki 100 alionse amene anafa, anafa SMART isanachenjezepo chilichonse. Choncho mayeso akalephera, khulupirirani ndipo chitanipo kanthu lero. Akapambana, sungani ndithu ntchito yanu pamalo awiri, pafulashi ndi pa imelo yanu.

Zilipo zina zimene mayeso saona. Sadziwa ngati mahinji a chivundikiro ali pafupi kuthyoka, choncho tsegulani ndi kutseka kangapo mukumvetsera. Lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB. Tsegulani tsamba lopanda kanthu n'kudina batani lililonse la kiyibodi. Yesani kamera ndi Wi-Fi pogwiritsa ntchito foni yanu. Vuto lobwera mwa apo ndi apo, monga RAM yolakwitsa ikatentha, likhoza kuzemba mayeso achangu n'kugwidwa ndi aatali okha, ndiye mukafika kunyumba tsiku loyamba lomwelo yendetsani aataliwo chaja ili kukhoma.

Lowaninso mu BIOS musanachoke m'sitolo: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Ngati ikufunsa pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, isiyeni laputopuyo, chifukwa kampani imene inali nayo kale inaikiya ndipo kumasula kwake ndi kovuta. Mu BIOS momwemo mumalembedwa dzina lenileni la purosesa ndi kukula kwa RAM, zimene kachizindikiro komata sikangabise. Mawu akuti i5 paokha sanena zambiri. Yang'anani nambala yotsatira: i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6, i5-8350U ndi ya m'badwo wa 8. Kusiyanaku kuli ndi ntchito, popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe, pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Makina akale angagwirebe ntchito, koma mtengo wake uzisonyeza ukalewo.

Nkhaniyi ikukhudzanso masukulu. Mu 2015, ana a Giredi 9 atalemba koyamba mayeso a phunziro la kompyuta, m'masukulu ambiri m'dziko muno makompyuta anali ochepa moti ana ankalowa mosinthana mpaka usiku. Kuyambira pamenepo masukulu akhala akulandira makina kuchokera ku boma, ku mabungwe ndi kwa makolo. Ena mwa makinawo akavuta amangoikidwa m'chipinda chosungira katundu, n'kulembedwa m'buku kuti ndi akufa, popanda amene anafufuza chimene chafa. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi masana a Lachisanu, chaja imodzi yabwino ndi kope, angathe kuyatsa makina onse mmodzimmodzi n'kulemba nambala imene aliyense watulutsa. Mwina wina wangosowa RAM yogwira bwino, wina disiki, wina batire. Pa makina a mtundu umodzi, chiwalo chabwino cha amene wafa motherboard chikhoza kudzutsa mnzake. Mphunzitsi wamkulu akamapita ku komiti ya makolo ali ndi mndandanda wonena kuti tikufuna ma disiki atatu ndi fani imodzi, amamveka kuposa akamangoti makompyuta athu anawonongeka. Ndipo ana amene aonerera ntchitoyo aphunzira za m'kati mwa kompyuta zimene bolodi ndi choko sizingawaonetse.

Kwa ogulitsa, mayesowa si mdani wanu. Wamalonda amene amayendetsa yekha Diagnostics pamaso pa kasitomala, n'kunena poyera kuti batire yatsala theka ndipo n'chifukwa chake mtengo watsika, sadzakangana ndi munthu sabata yamawa. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka ndiponso kupachika zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe la CCPC limalandira madandaulo a ogula. Koma dandaulo limayenda ndi umboni. Pemphani lisiti lolembedwa tsiku, mtundu wa laputopu, nambala yake yapansi, ndi masiku amene mwagwirizana kuti mungaibweze ikavuta.

Inu amene mukukonza zokwera minibasi ya ku Lusaka mwezi ukatha, lembani mabataniwa pakapepala: F12 pa Dell, Esc kenako F2 pa HP, F10 pa ThinkPad. Mukafika, pemphani mwaulemu mphindi 15, zulani chaja kukhoma poyesa batire, ndipo ndalama zikhale m'thumba mpaka mayeso atatha. Wogulitsa akakana kuti muyese, thokozani, pitani sitolo yotsatira.